Maso Awiri a Esha

Achimwene anga a Ayuba ndi munthu woti ukamamwa nawo tiyi amakuyang'ana pakolala, osati m'maso. Iwe ukufotokoza za maliro, iwo dzanja lafika kale paphewa pako kuchotsa kaulusi. Ndi telala, ali ndi kashopu pamsika wa Kabwata, ndipo ine Alia, mlongo wawo wamng'ono, wogulitsa mpunga ndi nyemba pamsika wa Soweto, ndawakalipira za khalidwe limeneli kuyambira ndili mtsikana. Pakamwa panga pamaopedwa kuchokera ku Soweto mpaka ku Kaunda Square kumene ndimakhala, koma pa achimwene panalephera. Chimene chinadzawagwedeza ndi china, ndipo chinangotsala pang'ono kuwalanda mkazi.

Tinabwera ku Lusaka tili ana, kuchokera ku Namwera. Bambo athu anali okhoma zidebe ndi mbaula, ndipo ankafuna kuti mwana wawo wamwamuna atenge nyundo. Achimwene phokoso la malata linkawadwalitsa mutu. Anathawira ku Kamwala, pakhonde la sitolo ya nsalu, kumene mkulu wina anawaphunzitsa makina opalasa ndi phazi. Mkuluyo anawasiyira lamulo limodzi limene akhala akulibwereza moyo wawo wonse: nsalu ikakhala ndi banga, telala wanzeru saitaya ayi, amapinda bangalo n'kulibisa mumsoko.

Ndi mkazi wawo Esha anadziwana chifukwa cha diresi. Anali mtsikana wogulitsa masamusa pafupi ndi mzikiti, ndipo anabweza diresi limene achimwene anamusokera, akuti mkono umodzi wafupika. Achimwene anafufuma. Panalibe munthu amene anali atawabwezerapo chovala. Anatulutsa tepi pamaso pa anthu kuti amuchititse manyazi, koma atayeza mkonowo unalidi waufupi, ndi kachala kamodzi. Esha anaseka mpaka kugwira chitseko, kampata ka m'mano kali poyera. Chaka chisanathe tinakamufunsira.

Kamera achimwene anagula yakale m'tauni atabadwa Shamsiya, mwana wawo woyamba. Sankajambula zamalonda, ankajambula ife basi, koma kujambula kwake kunali kwa telala. Mwana akamadya mango ankayamba amulanda mangowo, amupukuta pakamwa, amukonza kolala, ndiye n'kujambula mwana akulira. Tsiku lalikulu linali la Idi. Mwezi wonse wa Ramadani ankasokera banja lonse zovala, ndipo m'mawa wa Idi tikangobwera kokaswali ankatindandalika pachitseko chabuluu cha nyumba yawo ku Kabwata.

"Mapewa! Chibwano m'mwamba! Manja kumbuyo! Alia, mpango wapendama. Osaseka, kuseka kumakwinyitsa nsalu!"

Tinkaima ngati asilikali, mimba zikulira, mpunga wa nkhuku ukuzizira m'nyumba. Mmodzi yekha ndiye sankamvera. Esha ankadikira kuti achimwene atsinzine diso limodzi kuseri kwa kamera, ndiye n'kuphulika kuseka, maso onse awiri ali pa mwamuna wake. Achimwene ankadandaula kuti wawononganso filimu. Koma ndinawapezapo kangapo atatsegula alubamu pamakina, ndipo tsamba limene ankachedwapo silinali la ife omvera. Alubamuyo inkakhala m'kabati, poti kwathu sitipachika nkhope za anthu m'chipinda chimene timaswaliramo.

Filimu itatha ntchito anagula kamera yoonetsa chithunzi kumbuyo, koma malamulo anali omwewo. Zaka pafupifupi makumi atatu, chitseko chomwecho, mzere womwewo, Esha ali pakati akuseka.

Sitiroko inamugwira chaka cha 2022, mvula ili pakati. Ine anandiimbira foni dzuwa litapendeka, ndinasiya matumba a nyemba osamanga n'kuthamangira kuchipatala. Anatuluka patatha masabata atatu ali munthu yemweyo m'mutu, lilime lokha likulemera, koma mbali yakumanzere itamuthawa. Mlomo unagwera pansi. Diso silinkatseka bwino, linkangotuluka misozi ngakhale mwini wake asakulira. Dzanja linafumbatika ngati lasunga kanthu.

Ndinene zoona, pasakhale wina wonena kuti achimwene anamutaya mkazi. Ankamusambitsa, ankaphika, ankapita naye kumafizo, kolimbitsa ziwalo kuchipatala, Lachiwiri lililonse shopu itatsekedwa. M'mawa uliwonse ankamuveka diresi n'kumumanga mabatani limodzilimodzi kuyambira pakhosi. Azimayi akumzikiti ankati, "Mwamuna ndi ameneyu." Inenso ndinkavomera. Chimene sindinachione msanga n'chakuti pochita zonsezo maso awo ankakhala pamabatani. Pamkeka ankakhala kumanja kwake. M'basi kumanja kwake. Ngakhale pomupatsa madzi akumwa ankazungulira kuti adzere kumanja.

Idi ya chaka chimenecho itafika anatindandalika monga mwa masiku onse, koma Esha achimwene anamuchotsa pakati. Anamuika kumapeto kwa mzere, pampando, n'kumutembenuza kuti ayang'ane kumpanda ngati mutu wa pakobiri. Anakoka mpango kuti utsike pang'ono mbali inayo. "Kuwala kuli bwino uku," anatero. Chithunzi chinatuluka chokongola, Esha wakale weniweni, koma theka lake. Tonse tinaona zimene zinachitika ndipo tonse tinakhala chete. Inenso, ine wapakamwa, ndinakhala chete, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa.

Kuyambira pamenepo kamera inayamba kuwalemera. Idi yotsatira anajambula kamodzi kokha, mothamanga, Esha ali chammbali pampando uja. Shamsiya atabereka, tsiku lomupatsa mwana dzina, nyumba itadzaza, anakweza kamera, anayang'ana, n'kuitsitsa. Anakwezanso, n'kuitsitsanso.

"Ba tate, nichani?" anafunsa Shamsiya, amene Chinyanja chake n'cha m'tauni muno. "Batili yasila?"

"Palibe chojambula," anayankha.

Palibe chojambula! Mdzukulu woyamba ali pamiyendo pa agogo ake aakazi, palibe chojambula! Ndinaluma lilime chifukwa cha alendo.

Shamsiya, poganiza kuti vuto ndi kamera, anawagulira foni ya maso atatu kumbuyo. Anawaonetsa mmene anzake amachitira, kugwada, kukwera pampando, kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Wina anawauza kuti munthu akatopa ndi kujambula apite kumalo achilendo, maso akaone zatsopano. Ndiye Lamlungu lililonse ankakwera basi kupita ku Kabulonga, n'kumazungulira m'misewu ya anthu olemera kujambula maluwa a jakaranda, mageti amagetsi ndi mithunzi ya mipanda. Tsiku lina anabwera patebulo langa ku Soweto kudzandionetsa.

"Achimwene, galu uyu ndi m'bale wathu?" ndinafunsa. "Nanga geti ili, ndi la amalume?"

Sanakwiye n'komwe, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Anangokhala pathumba la mpunga, kachipewa kawo ka mzuli kali m'manja. "Zonse zikutuluka zakufa, Alia. Ndikayang'ana m'kamera ndimangoona nsalu yosuluka. Mwina maso atha." Kamera anakaiika m'dirowa ya zigamba, foni n'kutsala yoimbira makasitomala.

Chinaulula zonse ndi mafizo. Mayi wa kuchipatala anauza Esha kuti dzanja lofumbatika lija alipatse ntchito, azitsegula nalo masamba a buku. Esha anatulutsa alubamu. Ndinamupeza masana ena, kutatsala sabata kuti mwezi wosala uyambe, atakhala pakhonde, zithunzi atazisolola n'kuziyala pamkeka m'mizere iwiri.

"Mlamu, khalani apa," anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono monga ankalankhulira masiku amenewo. "Werengani maso anga."

Mzere wam'mwamba unali wautali, zaka zonse zija. Awiri, awiri, awiri. Mzere wam'munsi unali wa zaka ziwiri za matenda, zithunzi zisanu basi. Limodzi, limodzi, limodzi.

"Aaa, mlamu, ndi kuwala chabe," ndinayamba kutero, manyazi atandigwira.

"Inunso?" Anandiyang'ana mpaka ndinazyolika. "Galasi ndili nalo. Nkhope yanga ndikuidziwa, ndaizolowera. Koma achimwene anuwo zaka ziwiri sanaione. Amandisambitsa ngati akuchapa nsalu ya kasitomala. Andipinda, mlamu. Andibisa mumsoko." Anapukuta diso lija ndi kuseri kwa dzanja. "Ndawaimbira a Faraji."

A Faraji ndi alongo ake aakulu a Esha. Amakhala ku Chelstone, ali ndi lole yonyamula katundu pakati pa Lusaka ndi Malawi, ndipo si munthu wolankhula kawiri. Anagwirizana kuti Esha akasale mwezi wonse kwawoko, ndipo Idi ikangodutsa, m'mawa mwake, akwere lole ulendo wa kwawo ku Mangochi, osabweranso.

Anadzamutenga Loweruka m'mawa. Ine ndinalawirira dala kuti ndikhalepo. Ndinapeza Esha atavala kale, atakana kuti achimwene amuthandize, ataima pageti ndi ndodo yake. Achimwene ankangozungulira chikwama ngati nkhuku yofuna poikira.

"Ndakulakwira chiyani, amake Shamsiya? Chakudya? Mankhwala? Tanena, ndikonza." Ankafunsa zonsezi akuyang'ana chikwama.

"Abambo ake Shamsiya, katengeni kamera," anatero Esha. "Osati ya foni, yanu ija. Mundijambule ndikuchoka, pano pomwe ndaima. Maso onse awiri."

Anakaitenga m'dirowa, ili ndi tiulusi. Dzanja lawo linapita lokha kumpango wa Esha kuti liukonze, iye analimenya. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kukweza kamera. Ine ndinali pambali, ndinaona bwinobwino. Sanatsinzine diso limodzi monga kale, anatsinzina onse awiri, ndiye n'kudina.

"Chimenecho mukatsukitse, chachikulu," anatero Esha. "Tsiku limene mudzathe kuchiyang'ana, kwa a Faraji mukukudziwa. Idi ikadutsa musadzavutike."

Galimoto itangokhota pakona ndinawatsegulira achimwene zonse zimene ndinasunga zaka ziwiri. Mwamuna wamtundu wanji wonyansidwa ndi mkazi wake? Inuyo nkhope yanu ndi yowongoka? Mphuno imeneyo munayamba mwaiyezapo ndi tepi? Munthu amene anakuberekerani, anakusekererani zaka makumi atatu inu muli ndwii ngati chitsa, lero mukumubisa kuseri kwa mpango? Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma, atakhala pasitepe ya chitseko chabuluu chija, kamera ili pamiyendo.

"Sindinyansidwa naye, Alia," anatero pomaliza. "Tsiku la sitiroko lija anandiitana m'mawa, cha m'ma seveni. Anati dzanja likulemera, tiyi akutayika pakamwa. Ine ndinali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, ukwati uli mawa lake. Ndinati wangoligonera dzanjalo, imwa panado, ndikamaliza mipendero ndibwera. Ndinabwera thuu koloko itakwana. Dokotala anandifunsa nthawi imene zinayamba. Nditamuuza anangoyang'ana wotchi." Anasisita kamera ndi chala. "Mlomo uja ndinaupinda ndine. Ndikauyang'ana ndimaona mipendero isanu ndi umodzi."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinawamvera chisoni achimwene anga, ndithu ndinawamvera. Koma sipanatenge nthawi mkwiyo unabwereranso, woposa woyamba uja.

"Ndiye mwamusiya munthu zaka ziwiri akuganiza kuti ndi wonyansa, kuti inu musaone mlandu wanu? Kamuuzeni mwini wake zimenezi. Ine si mkazi wanu!"

Sanapite. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Ndinkawaimbira tsiku lililonse kuwakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo n'kumangoti ntchito yachuluka, mwezi wa Ramadani aliyense akufuna mkanjo watsopano. Koma chithunzi chija anakatsukitsadi. Kunyumba sakanachipachika, ndiye anachikhomera kushopu, pakhoma la kutsogolo kwa makina, pamene maso amafikira munthu akadzutsa mutu kuchoka pasingano. Chinali chithunzi choipa kuposa zonse zimene anajambulapo. Chopendama, geti litadulidwa pakati, chigongono cha a Faraji chikulowerera m'mbali. Koma Esha anali pakati, yense. Masiku oyamba ankachiphimba ndi chigamba cha nsalu. Kenako chigamba chinkagwa, iwo osachitola msanga.

Sabata yachitatu ndinapita kushopuko kukayezetsa diresi langa la Idi. Ndili pomwepo kunalowa Bana Bethany, ndiye kuti amake Bethany, a ku Woodlands, kasitomala wawo wakale amene amasoketsa mayunifomu a kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ndi mayi wabwino, koma pakamwa pake pamathamanga kuposa panga.

"Ba tela, muli shani? Iyee, nindani uyu mwaika apa? Azayofya makasitomala! Mumulete ku chechi kwathu, ba pasita bamupemphelele, kamwa izabwelela."

Ine ndinali nditadzuka kale pampando, kusala kokha ndiko kunandigwira lilime. Achimwene anaimitsa phazi pamakina.

"Ndi mkazi wanga," anatero. "Ndipo pamenepo sakudwala. Wakwiya."

Anadzuka kuti awaonetse mayiwo pamene mkwiyo ukuonekera, chala chili pansidze ya Esha. Poti ankafuna kuonetsa wina, anayenera kuyang'ana okha. Anayang'ana nsidze, anayang'ana diso lakumanja lili psuu, diso lakumanzere lili ndi msozi wake wa masiku onse. Anatsikira kumlomo. Sanathawe. Kenako maso a telala anachita zimene anazolowera, anatsikira kukolala, ndipo chala chinaima.

"Alia, tabwera. Taona apa."

Batani lachitatu linalowa m'bowo lachinayi. Kuyambira pamenepo kutsika m'munsi onse anali olumphana, ndipo kolala mbali imodzi inali itakwera.

"Ine sindingamange chonchi," anatero.

"Ndiye?"

"M'mawa uja anakana kuti ndimuveke. Mabatani awa anamanga yekha. Asanu ndi atatu, ang'onoang'ono, ndinasoka ndine." Anatembenuka kundiyang'ana, m'maso, osati pakolala. "Batani silimangika ndi dzanja limodzi, Alia. Dzanja lija likugwira ntchito. Layamba liti?"

"Kuyambira Disembala akusankha nalo mpunga," ndinawauza, ndipo sindinafewetse mawu. "Shamsiya akudziwa, ine ndikudziwa, mayi wogulitsa makala kuseri kwanu akudziwa. Amene simukudziwa ndi inu nokha, chifukwa mumakhala kumanja."

Bana Bethany anaima ndi nsalu zawo m'manja, ataiwalika. Pomaliza anangoziika patebulo mwakachetechete n'kunena kuti adzabweranso Lachinayi.

Tsiku limenelo achimwene anatseka shopu masana, mikanjo ya anthu ili yosamaliza. Anapita kunyumba, anatulutsa kamera, n'kuyamba kuyang'ana m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Anandionetsa pambuyo pake zimene anajambula masiku otsalawo. Nsapato ya patapata yakumanzere itadyeka mbali imodzi chifukwa cha kukhwekhwereza phazi. Kapu ya Esha pashelefu, chogwirira chitayang'ana kumanzere, poti ankadzikakamiza kuinyamula ndi dzanja lodwalalo. Chingwe chimene anamanga pampanda wa kuseri kuti azigwira poyenda. Ndipo pansi pa bedi, kumbali imene Esha ankagona, chitini cha mabatani akale ndi kachidutswa ka malaya kokhala ndi mabowo, kakuda ndi manja, kamene ankaphunzirirapo yekha mwamuna wake ali kushopu. Palibe chimene anachiwongola kapena kuchipukuta fumbi asanajambule. Zinthu zonsezi zinali m'nyumbamo nthawi yonse imene iwo ankakajambula agalu a ku Kabulonga.

Komabe ku Chelstone sanapite. Ndinkati ndikafunsa amati mawa. Ankaopa, ndipo inenso ndinayamba kuopa, chifukwa Esha si munthu wonena chinthu n'kuchibweza. Shamsiya anandiuza kuti mayi ake agawa kale mapoto amene anawasiya ku Kabwata.

Mwezi unaoneka, Idi inafika. Titangotuluka kokaswali ndinawagwira mkono pamaso pa azibambo anzawo. "Lero mukwera basi ya ku Chelstone, kaya ndikunyamulani kumsana." Sanakane. Kamera inali kale m'thumba la mkanjo, ndipo mkanjowo unali wa chaka chatha, wosasita.

Tinapeza lole itaima panja, itamangidwa tenti, chikwama cha Esha chili kale kutsogolo pampando. A Faraji anatilandira pageti.

"Alamu, mwabwera kudzatsanzika?"

Achimwene anangopereka moni wa Idi n'kudutsa. Esha anali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha mpunga. Ndinaona mapazi awo akuyamba kukhotera kumanja monga mwa chizolowezi, kenako anaima. Anagwada kutsogolo kwake, pakati penipeni, mawondo ali pasimenti. Ananena zonse za tsiku lija, za madiresi, za panado, za wotchi ya dokotala. Mawu ankaduka, iwo n'kuyambiranso.

Esha anawamvera mpaka kumapeto, zala zikuyendabe mumpunga.

"Mipendero imeneyo ndikuidziwa, ndinalipo," anatero. "Ndinakukwiyirani miyezi itatu, ndinamaliza. Inenso m'mawa uja ndinkati ndangoligonera dzanja. Za tsiku lija n'za Mulungu. Koma za zaka ziwiri izi n'zanu."

Achimwene anatulutsa kamera n'kuyamba kumuonetsa zithunzi kumbuyo kwake, chimodzichimodzi. Nsapato. Kapu. Chingwe. Pachitini cha mabatani Esha anasiya kusankha mpunga. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo misozi inayamba kutuluka m'diso linalo, labwinolo.

"Nsapato mwaiona," anatero. "Chitini mwachiona. Nanga mwini wake?"

Akazi a Faraji anaima pakhomo ndi chikho m'manja, Shamsiya ali kumbuyo kwawo ndi mwana kumsana. Achimwene anadzutsa mutu. Sanayang'ane kolala, sanayang'ane mpango. Anamuyang'ana mkazi wawo kumaso, konse, ndipo anachedwapo monga ankachedwera pamasamba aja a alubamu. Kenako anakweza dzanja lamanja n'kuliika patsaya lakumanzere, chala chachikulu chili pakona ya mlomo pamene panagwera.

"Uko sindimva kanthu," anatero Esha.

Anayamba kulichotsa.

"Sindinati muchotse."

Dzanja linabwerera. Ine pamenepo ndinali nditalira kale, ndikupukuta mamina ndi mpango watsopano, ine amene sindilira pagulu. A Faraji anakhosomola, anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, kenako anatuluka pageti popanda wowatuma. Tinamva chitseko cha lole chikutseguka, ndi chikwama chikutsitsidwa.

"Nanga Idi ino sitijambulidwa?" anafunsa Esha.

Ine mapewa ndinali nditawongola kale, chibwano m'mwamba, ndikudikira malamulo aja. Sanabwere. Achimwene sanadzuke n'komwe pasimentipo. Kamera inapangidwira dzanja lamanja, koma lamanjalo linali ndi ntchito, ndiye anaigwira ndi lamanzere, mozondoka, n'kudina ndi chala chachikulu, maso awo onse awiri ali otsegula.

Chithunzi chimenecho chili kushopu ku Kabwata, pafupi ndi chinzake chija, ndipo kuchokera tsiku limenelo kamera sinabwererenso m'dirowa. Tatopa nawo, amatijambula tikutafuna, tikuyasamula, tikukangana. Koma chimene amachedwapo ndi chimenecho. N'chopendama kuposa choyamba. Muli maso awiri, muli dzanja la telala lokhala ndi choko m'zikhadabo, ndipo Esha akuseka ndi theka la mlomo, kampata ka m'mano kali poyera. Kolala yake yakwera mbali imodzi, ndipo palibe amene anaikonza.